KAODZERA: MATENDA AMENE ALOWA MU UBONGO

M'bale wanu wabwera kucokera ku Rufunsa kumene anapita kukagula malasha kapena kukaona munda. Patapita masiku ocepa thupi latentha, mutu uwawa, m'mfundo muphwanya. Ku kiliniki amupima malungo koma sanawapeze. Masabata apita, tsopano angogona masana, usiku tulo palibe, alankhula zosamveka ndipo akwiya msanga. Anthu mu komboni ayamba kunong'ona kuti walodzedwa. Musathamangire kwa ng'anga. Mwina ndi kaodzera, matenda amene aononga ubongo.

UBONGO NDI MITSEMPHA YAKE

M'thupi mwathu muli mitsempha ya mitundu iwiri. Ina ipititsa magazi, ina ipititsa mauthenga. Ya mauthenga ilamulidwa ndi ubongo pamodzi ndi mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa fupa la msana. Mu ubongo mucoka mitsempha 12 mbali iliyonse, mu msana mucoka 31 mbali iliyonse, ndipo ifalikira mpaka ku zala.

Nchito yaikulu igwiridwa ndi maselo ochedwa manyuroni, amene mu ubongo wa munthu wamkulu alimo pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi tinthambi tolandira uthenga ndi mcira wautali woutumiza kwa linzake. Micira yambiri ndi yokutidwa ndi mafuta monga waya wa malaiti ukutidwa ndi pulasitiki, ndipo uthenga ungathamange mamita 120 pa sekondi imodzi. Mukakhudza mbaula yamoto, uthenga ufika mu msana ndi kubwerera ku dzanja, ndipo mulicotsa musanamve kuwawa. Palinso maselo ena ochedwa glia amene adyetsa ndi kusamala manyuroni.

Ubongo uli ndi mpanda wake. Maselo a timitsempha ta magazi ta mu ubongo ndi othithikana kwambiri kotero kuti tizilombo tambiri tilephera kulowa. Koma kacilombo ka kaodzera kapyola mpanda umenewu.

KAODZERA ABWERA BWANJI?

Kacilomboka kafalitsidwa ndi nchenche yoluma ya kashembe, imene ena aichula tsetse. Nchenceyi itenga kacilombo m'magazi a nyama monga mbawala, njati ndi njiri, ngakhalenso ng'ombe. Mtundu wa kaodzera wa kuno unadziwika mu 1910, pamene Stephens ndi Fantham anapima magazi a munthu amene anatenga matendawa m'cigwa ca Luangwa.

Rufunsa, boma limene lili pa msewu wa Great East ndipo liyandikana ndi malo osungira nyama a Lower Zambezi, ndi limodzi mwa malo amene matendawa apezeka, pamodzi ndi Chama, Mambwe ndi Mpika. Alenje, ofula uci, ootcha malasha ndi okumba golide m'chire ndiwo alumidwa kawirikawiri.

Poyamba kacilombo kakhala m'magazi, ndipo nthawi zina pamalo polumidwa patuluka cotupa cowawa. M'masabata ocepa kalowa mu ubongo ndi kuutupitsa. Mbali yolamula tulo isokonezeka, manja anjenjemera, kuyenda kuvuta, khalidwe lisintha. Wodwala akapanda kulandira mankhwala akomoka, ndipo amwalira m'miyezi yocepa.

MANKHWALA ALIPO

Kaodzera acizika. Madotolo apima magazi, ndipo nthawi zina atenga madzi a mu msana kuti aone ngati kacilombo kafika mu ubongo. Ambiri aopa nsingano imeneyi, koma ilowa pansi pa pamene mtsempha waukulu uthera.

Kwa zaka zambiri wodwala amene matenda afika mu ubongo anali kubayidwa melarsoprol, mankhwala aukali amene anali kupha ena mwa odwala. Mu 2024 bungwe la WHO linavomereza mapilisi a fexinidazole, amene anayesedwa ku Rumphi m'dziko la Malawi ndi ku Uganda. Amwedwa masiku 10 pamodzi ndi cakudya, moyang'aniridwa ndi a zaumoyo, kwa munthu wa zaka 6 kupita m'mwamba wolemera makilogalamu 20 kapena kuposa.

MUCITE IZI

Popita m'chire valani malaya a manja aatali ndi buluku lokhuthala. Pewani zovala zakuda ndi zabuluu cifukwa zikopa kashembe. Nchenceyi iluma masana ndipo itsatira galimoto yoyenda, conco tsekani mawindo.

Ku Rufunsa kuli cipatala ca mishoni ca St Luke's ku Mpanshya, ndipo mu Lusaka muli UTH. Ngati thupi la wodwala lipitiriza kutentha koma malungo sanapezeke, bwererani naye ku cipatala. Uzani a dotolo malo amene anapitako ndiponso ngati analumidwa ndi kashembe. Dotolo wa m'tauni sangaganizire msanga za kaodzera ngati inu simunachule ulendo wa ku chire.