Moto wa pamsika susankha wa kumzikiti kapena wa kutchalitchi

Ndalama ilibe mpingo. Kwacha ya shehe ndi kwacha ya abusa zimagula mulu umodzimodzi wa tomato. Ichi aliyense wa geni amachidziwa. Koma tsiku limene Akhristu ndi Asilamu atembenukirana, woyamba kulira ndinu a pamsika, poti benchi yanu ili pamtetete, yopanda mpanda, yopanda mlonda.

Kwathu ku Kasinje, m'chigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu, ndakula ndikuona ogulitsa nyama, eni akewo a Katolika kapena a CCAP, akuitana Msilamu kuti adzazinge mbuzi. Sikuti alowa Chisilamu ayi. Akufuna kuti kasitomala wochokera ku Balaka kapena ku Salima agule mosakayika. Wa kapado nayenso amadziwa malire ake, chiwaya chake amaika chapatali. Lamulo limeneli palibe analilemba, limangoyenda chifukwa anthu amadziwana. Ndiye poti silinalembedwe, mutu umodzi wotentha ungathe kuligwetsa tsiku limodzi.

Mwaiwala za ku Balaka, boma loyandikana nafe? Mu Novembala 2019 kunabuka ndewu pa sukulu ya M'manga ya mpingo wa Anglican, nkhani yake ya atsikana ovala hijabu. Anthu anavulala, katundu anawonongeka, sukulu inatsekedwa. Mu 2020 moto unayakanso pa sukulu ya Mpiri ku Machinga pa nkhani yomweyi. Anthu omwe dzulo lake amabwerekana chenji anayamba kuonana ndi diso lofiira.

Amene analowa pakati ndi bungwe la Public Affairs Committee, lija timangoti PAC. Bungweli linabadwa mu 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma la Kongeresi mu Malichi chaka chomwecho. Mipingo, Asilamu, maloya ndi a bizinesi anaona kuti aliyense akamakalankhula payekha ndi Kamuzu, amumeza. Anakhala pa tebulo limodzi, ndipo mapeto ake inali riferendamu ya pa 14 Juni 1993 yomwe inabweretsa matipate.

Pa nkhani ya hijabu PAC inachitanso chimodzimodzi. Mbali iliyonse inatumiza nthumwi zokhala ndi mphamvu yolankhulira gulu lawo, anakambirana miyezi yambirimbiri, mpaka mu Juni 2021 anasainirana pangano loti mtsikana wa Chisilamu avale hijabu yofanana mtundu ndi yunifolomu ya sukulu yake. Taonani, abale anzanga, chimene chinagwira ntchito: tebulo limodzi, nthumwi zodziwika, ofesi yosunga makalata, ndi pepala losainidwa. Kumwetulirana kokha sikukanakwanitsa.

Nzeru imeneyi si ya ku Malawi kuno kokha. Kuyambira mu 2023 achinyamata athu akhala akupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Kumeneko nzika imodzi mwa zisanu zilizonse ndi Mwarabu, ndipo kuli mabungwe ambiri ofuna kuti Ayuda ndi Aarabu azikhalirana bwino. La Hand in Hand, lomwe linayamba mu 1997, lili ndi sukulu zomwe ana a mbali zonse amaphunzira kalasi imodzi m'Chiheberi ndi Chiarabu, ngakhale mu 2014 anthu osafuna mtendere anatentha kalasi ina ku Jerusalem. La Sikkuy, la mu 1991, limatsogoleredwa ndi Myuda ndi Mwarabu pamodzi, ndipo limawerengera ndalama zomwe boma limapereka ku matauni a Aarabu poyerekeza ndi a Ayuda. Iwo amadziwa kuti wina akamadya mnofu mnzake akuguguda fupa, mtenderewo ndi wapakamwa. Ndipo poona kuti timabungwe tikabalalika timangolimbirana opereka thandizo, mabungwe oposa 150 a Aisraeli ndi Apalestina ali pansi pa ambulera imodzi yotchedwa Alliance for Middle East Peace. Nkhondo yoopsa yomwe inabuka mu Okutobala 2023 yaonetsa kuti mabungwe sangatseke mfuti pakamwa. Komabe mfuti zikatonthola pamafunika anthu omwe anazolowera kale kukhala pansi limodzi.

Kuno kwathu mpata ulipo. Mu 2022 aphungu a Nyumba ya Malamulo anavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe loona za mtendere ndi umodzi, pamodzi ndi makomiti a mtendere m'maboma. Funso langa ndi ili: kodi komiti ya msika wanu ikuwadziwa anthu amenewa? Kapena ntchito yake ndi kutolera za maliro basi?

Ine maganizo anga ndi awa. M'komiti mukhale Mkhristu ndi Msilamu, abambo ndi amayi, wa kaunjika ndi wa usipa. Malo a nyama ya halaal ndi malo a kapado alembedwe m'buku, onse asaine. Mabenchi a kutsogolo agawidwe poyera, osati poyang'ana kuti uyu timapemphera naye. Mlembi asunge manambala a shehe, abusa, amfumu ndi apolisi, ndipo anthu amenewa akumane kusanagwe kanthu. Awiri kapena atatu apite akaphunzire kuyanjanitsa anthu, poti nayonso ndi ntchito yofuna luso ngati utelala. Ndipo nsalu za chipani zitsale pakhomo la msonkhano, chifukwa tinaona mu 1999 mizikiti ikupsa kumpoto kaamba ka zotsatira za chisankho.

Ena anena kuti zonsezi n'kutaya nthawi ya malonda. Chabwino. Koma tawerengerani mpamba womwe uli pa benchi yanuyo, ngongole ya ku banki m'khonde, fizi ya ana. Ola limodzi pamwezi pansi pa mtengo ndi lotchipa kuposa kuyambiranso geni ndi phulusa m'manja.