Nsapato zolowera m'madzi powedza ndi nyambo ya nthenga

Nsapato zolowera m'madzi ndi nsapato zomwe munthu amavala akamawedza ali chiimire m'nyanja kapena mumtsinje. Zimagwiritsidwa ntchito kwambiri pa uwedzi womwe pa Chingerezi umatchedwa fly fishing. Pa uwedzi umenewu, pa mbedza samaikapo nyongolotsi kapena usipa, koma nyambo yopangidwa ndi nthenga, ubweya ndi ulusi, yooneka ngati kachirombo kapena kansomba. Nyamboyi ndi yopepuka moti chomwe chimaiponya patali ndi kulemera kwa chingwe. Chifukwa cha zimenezi, wowedza amafuna malo opanda mitengo kumbuyo kwake, ndipo nthawi zambiri amalowa m'madzi mpaka m'mawondo kapena m'chiuno.

M'mayiko ozizira, owedza amavala zovala zosalowa madzi zofika pachifuwa zotchedwa waders. Kumalo otentha, ambiri amangolowa ndi kabudula ndi nsapato n'kulola kuti thupi linyowe. Pa Nyanja ya Malawi madzi apamwamba amakhala ofunda chaka chonse, pakati pa madigiri 24 ndi 29, choncho ku Salima kulowa motere n'kosavuta.

Pansi pa madzi ku Salima

Ku Malawi uwedzi wa nthenga umadziwika kwambiri kumapiri a Zomba, Mulanje ndi Nyika, komwe kunaikidwa nsomba za trout m'nthawi ya atsamunda. Ku nyanja si wofala. Asodzi a ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka amadalira chilimira, makoka, matchera ndi mbedza wamba, ndipo ambiri amalowa m'madzi opanda nsapato. Komabe nsomba zolusa monga ncheni, komanso mpasa ndi sanjika zomwe zimakwera mitsinje ngati Linthipe ndi Bua kukaswa, zimathamangira nyambo yoyenda.

Nsapato yabwino imadziwika ndi malo omwe ikaponde. Gombe la Salima lili ndi pansi pa mitundu itatu. Mbali yaikulu ndi mchenga, ndipo pamenepo vuto si kuterera ayi koma zobaya: zigoba za nkhono, mabotolo osweka, mbedza zotayika ndi minga ya mlamba kapena kampango wakufa. Pomwe mitsinje imathira m'nyanja pali matope ndi bango, ndipo matopewo amayamwa nsapato. Ndiye pali miyala, monga ya m'mbali mwa phiri la Senga ndi pa chilumba cha Namalenje. Miyalayi imakutidwa ndi ndere, zomwezo zomwe mbuna zimadya, ndipo imaterera ngati sopo. Pa miyala ndi pomwe anthu amagwa, kubinya kakolo kapena kuthyola ndodo ya mbedza.

Kunsi kwa nsapato

Makampani opanga nsapatozi amagwiritsa ntchito soli za mitundu iwiri. Woyamba ndi felt, womwe ndi ulusi wopanikizidwa mpaka kulimba ngati chikopa chokhuthala. Felt amagwira bwino kwambiri pa mwala wa ndere chifukwa timaulusi take timalowa m'timing'alu ta mwalawo. Koma ubwino wake umathera pomwepo. Pa matope amaterera, pa mchenga amatha msanga, ndipo munthu akayenda naye mtunda wautali kuchoka pamsewu kupita kugombe amafika atapyapyala.

Felt alinso ndi mlandu wina. Amachedwa kuuma, choncho amasunga tizilombo ndi mbewu za zomera za m'madzi zili zamoyo kwa masiku angapo, n'kuzisamutsira ku mtsinje wina. Dziko la New Zealand linaletsa nsapato za felt mu 2008 polimbana ndi ndere yotchedwa didymo, yomwe inapezeka m'mitsinje ya kumeneko mu 2004. Dera la Alaska ku America linachitanso chimodzimodzi mu 2012. Nkhaniyi ikukhudza ife tonse, popeza Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse, ndipo dziko lino laona kale momwe namasupuni anavutitsira mumtsinje wa Shire. Mlendo wobwera ndi nsapato zomwe anawedzera kunja ayenera kuzichapa ndi kuziumitsa kotheratu asanalowe nazo muno.

Mtundu wachiwiri ndi mphira wofewa wokhala ndi mizere yakuya, monga wa kampani ya ku Italy ya Vibram. Mphira amachita bwino pa mchenga, pa matope ndi poyenda pamtunda, amauma msanga, koma pa ndere amagonja kwa felt. Pofuna kukonza zimenezi, ena amakhomamo timisomali tachitsulo cholimba tomwe timaboola ndere n'kuluma mwala. Timisomaliti timakanda bwato, timachita phokoso lothawitsa nsomba m'madzi osaya, ndiponso timatsetsereka pa mwala wouma wosalala. Poganizira kuti gombe la Salima ndi la mchenga kwambiri kuposa miyala, mphira wopanda misomali ndi amene ali woyenera pa maulendo ambiri.

Zomwe zimapezeka kuno

Nsapato zenizeni za uwedziwu n'zodula ndipo sizipezeka wamba m'misika. Cholowa m'malo chabwino ndi nsapato yamasewera ya pa kaunjika, ya nsalu yopyapyala, yomanga ndi zingwe, yotseka zala ndipo makamaka yofika pa kakolo. Ivalidwe ndi masokosi, chifukwa mchenga ukalowa pakati pa nsapato ndi khungu lonyowa umatupitsa matuza pasanathe ola. Patapata ndi woipitsitsa pa zonse: phazi limaterera mkati mwake, ndipo fundwe likangomenya amavuka n'kuyandama. Masandasi a matayala ndi olimba koma mphira wa tayala ndi wouma, sagwira pa ndere, ndipo zala zimakhala pamtunda. Majombo a mphira amaoneka ngati anzeru koma ndi oopsa madzi akapitirira m'kamwa mwake, popeza amadzaza n'kulemera, munthu n'kulephera kunyamula mwendo.

Ngakhale nsapato ikhale yabwino, kayendedwe n'kofunika. Owedza odziwa amakwekwesa phazi m'malo molinyamula, amaponda pakati pa miyala osati pamwamba pake, ndipo amatenga ndodo yoyesera kuya. Mphepo ya mwera, yomwe imawomba kwambiri m'miyezi yozizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, imabweretsa mafunde otha kugwetsa munthu woima pamwala. Madzi a nyanja akakwera, monga zinachitikira mu 2024, amamiza zipupa, mipanda ndi zitsa zomwe kale zinali pamtunda, choncho malo omwe munthu ankawadziwa amasintha.

Zomwe nsapato singateteze

Nsapato iliyonse yolowa madzi siteteza ku likodzo. Tizilombo ta matendawa, Schistosoma haematobium, timachulukana mu nkhono za mtundu wa Bulinus, kenaka timatuluka n'kusambira, ndipo timaboola khungu la munthu ngakhale lilibe bala. Nkhonozi zimakonda madzi odekha a m'bango ndi m'maudzu pafupi ndi midzi, omwenso ndi malo omwe nsomba zimabisala. Wowedza amene waima m'madzi otere kwa maola angapo ali pa chiopsezo chachikulu kuposa wosambira kwa mphindi zochepa. Chizindikiro chodziwika ndi magazi mu mkodzo, koma ena sadwala moonekera. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe amapha nyongolotsi zikakula, choncho kumwa tsiku lomwelo munthu watuluka m'madzi sikuthandiza. Kuyezetsa kumachitika patapita milungu ingapo.

Pomwe mitsinje ngati Linthipe imathira m'nyanja pamakhalanso ng'ona ndi mvuu, ndipo kulowa m'madzi m'malo amenewa, makamaka m'mbandakucha ndi madzulo, n'kosayenera. Asodzi a pa dooko lapafupi ndi amene amadziwa malo oti munthu angaime. Kuzungulira zilumba za Maleri, zomwe ndi gawo la Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, kuwedza n'koletsedwa pa mtunda wa mamita 100 kuchoka pagombe.