Ho Chi Minh City, mzinda woyenda pa njinga zamoto

Ho Chi Minh City ndi mzinda waukulu kuposa yonse ku Vietnam. Kalembera wa mu 2019 anapeza anthu pafupifupi 9 miliyoni mumzindawu, kutanthauza pafupifupi theka la Amalawi onse atapanikizana malo amodzi. Kale unkatchedwa Saigon, ndipo dzina latsopanoli linabwera mu 1976, nkhondo ya ku Vietnam itatha pa 30 Epulo 1975. Ine ndi mayi a kunyumba tinakafikako poitanidwa ndi mwana wathu amene amagwira ntchito kumeneko, ndipo chimene chinatidzidzimutsa tikungotuluka pa bwalo la ndege la Tan Son Nhat ndi njinga zamoto.

Zimayenda ngati linthumbu, msewu wonse tho! Bambo kutsogolo, mwana pakati, mayi kumbuyo atakumbatira chikwama. Wina wamangirira mathireyi a mazira mpaka kupitirira mutu wake, wina wanyamula firiji. Kumeneko amayenda kudzanja lamanja, ndiye ife ozolowera kumanzere tinkayamba kuyang'ana kumene kulibe ngozi. Pafupi ndi msika wa Ben Thanh, umene unatsegulidwa mu 1914, tinaima m'mbali mwa msewu kudikira mpata umene sunabwere.

"Bambo, apa ine sindiwoloka," anatero mayi, atandigwira malaya.

Mwana wathu anaseka n'kutiuza lamulo lake: loŵa mumsewu pang'onopang'ono, usathamange, usaime mwadzidzidzi, usabwerere m'mbuyo. Woyendetsa njinga amayeza mayendedwe ako ali patali n'kukulambalala. Ukachita mantha n'kudumpha, wamusokoneza. Tinagwirana manja n'kuyenda, njinga zikutidutsa uku ndi uku, ndipo palibe inatikhudza.

Njingazi zinachuluka chifukwa cha zinthu zomveka. Mu 1986 boma la chikomyunizimu linamasula malonda pa ndondomeko yotchedwa Doi Moi, anthu n'kuyamba kupeza kangachepe. Galimoto imalipiritsidwa msonkho wokwera, pamene mabanja ambiri amakhala m'tinjira topanikizika momwe galimoto singaloŵe. Usiku njinga amailoŵetsa m'nyumba, igone pabalaza. Cha m'ma 2000 kunasefukira njinga zotsika mtengo zochokera ku China, moti ngakhale wogulitsa ndiwo zamasamba anakwanitsa kugula yake. Sitima yoyamba ya mumzinda, yochokera pa Ben Thanh kukafika ku Suoi Tien, inayamba kuyenda mu Disembala 2024, itamangidwa ndi ngongole ya ku Japan. Zaka zonsezo mzinda unkayenda pa mateyala awiri.

Akabaza aliko, amawatchula kuti xe om. Ambiri masiku ano amaitanidwa pa foni kudzera pa pulogalamu ya Grab. Mtengo umaoneka usanakwere, dzina la woyendetsa ndi nambala ya njinga zilinso pompo, ndipo iye akafika, atavala jekete yobiriwira, amayamba wakupatsa chipewa choteteza mutu. Mayi anakana poyamba, ati chiwaphwanyira duku. Mnyamatayo anangomwetulira, osaliza injini, mpaka anavala.

Miyendo ikatopa tinkakhala pa timipando ta pulasitiki m'mbali mwa msewu, kumwa khofi wowawa wothira mkaka wotsekemera wa m'chitini ndi madzi oundana. Vietnam ndi dziko lachiwiri polima khofi padziko lonse, pambuyo pa Brazil. Tinapitanso ku Cu Chi, kunja kwa mzinda, kumene asilikali ankabisala m'mapanga okumba pansi pa nthaka pomenyana ndi Amereka. Alendo amapatsidwa chakudya cha nthawi ya nkhondoyo: chinangwa chophika chotowera mtedza wosinja wothira mchere. Mayi anati ulendo wonsewu tadzadyera chakudya cha kwathu.

Koma nkhani imene yandikhala m'mutu ndi ya chipewa chija. Dziko limeneli linkataya anthu ochuluka pa ngozi zovulala m'mutu. Pa 15 Disembala 2007 lamulo linayamba kugwira ntchito lokakamiza woyendetsa ndi wokwera kuvala chipewa pa misewu yonse. Boma linalengeza kukadali miyezi, zipewa zopepuka zoyenera dziko lotentha zinali m'misika, ndipo tsikulo litakwana apolisi anayamba kulipiritsa chindapusa. Pafupifupi aliyense anavala. Sikuti zonse n'zokoma. Zipewa zina n'zopyapyala, zongothawira apolisi, ngozi zikuchitikabe, ndipo utsi umachititsa ambiri kuyenda atatseka pakamwa ndi mphuno.

Kwathu kuno ku Madisi njinga zamoto zafika kale. Pa siteji ya M1 anyamata amakhala pamzere kudikira otsika minibasi zochokera ku Mponela ndi ku Kasungu. Ndi iwo amene amathamangira ndi mayi woyembekezera kuchipatala usiku, amakweza matumba a soya ndi mtedza kuchokera kumidzi ya kumapiri kumene galimoto sifika dzinja. Wonena kuti kabaza athetsedwe sanayendepo wapansi ndi wodwala. Komabe timakwera atatu, nthawi zina anayi, mitu ili pamtunda, pa msewu umene mathiraki amathamangapo usana ndi usiku, ndipo woyendetsa wina anaphunzira dzana pa bwalo la mpira.

Anthu a ku Vietnam sanadikire kulemera kuti ayambe kuteteza mitu yawo. Ife sitifunika kudikira boma pa chilichonse. Siteji iliyonse ili ndi tcheyamani wake, amene amatha kuthamangitsa mnyamata wosalipira ya umembala. Mphamvu yomweyo ingakwanitse kunena kuti njinga yopanda zipewa ziwiri isanyamule munthu. Ifenso okwera, amene timatha nthawi kunenerera mtengo, tiyambe kufunsa chipewa tisanakhale pa chishalo.