Amasankha olandira Mtukula Pakhomo ndani, mfumu kapena kompyuta?

Maina a olandira Mtukula Pakhomo akangotuluka, madandaulo sachedwa. Ena amaloza chala mfumu, ena komiti ya m'mudzi. Komatu masiku ano gawo lalikulu la chisankhocho limachitika m'kompyuta, motsata malamulo okhazikitsidwa kale.

Ndondomekoyi idayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo Likoma lidali limodzi mwa maboma 7 oyambirira kupindula nayo, isanafalikire m'maboma onse 28 pofika 2018. Kwa zaka zambiri, kuti banja lilowemo, limayenera kukhala losaukitsitsa komanso lopanda anthu okwanira ogwira ntchito. Apa akutanthauza kuti pakhomopo palibe munthu wamphamvu wa zaka 19 mpaka 64, kapena alipo koma akusamalira yekha anthu oposa atatu, monga ana, okalamba ndi odwala matenda amgonagona.

Nanga umphawi amauyeza bwanji? Alembi amayendera mabanja ndi kulowetsa mayankho awo m'kaundula wa boma wotchedwa Unified Beneficiary Registry, UBR mwachidule. Safunsa ndalama zimene munthu amapeza, chifukwa msodzi kapena waganyu alibe malipiro okhazikika. Amafunsa zooneka ndi maso: denga ndi la udzu kapena malata, pansi ndi pozira kapena pa simenti, pali ziweto kapena katundu wanji, mutu wa banja adalekezera pati sukulu. Kompyuta imapereka mlingo pa yankho lililonse, potengera kafukufuku wa mabanja wa nthambi ya National Statistical Office, kenako imandandalika mabanja kuyambira losaukitsitsa mpaka lopeza bwino. Njirayi imatchedwa proxy means test.

Pali malire enanso. Kwa zaka zambiri ndondomekoyi yakhala ikutenga mabanja 10 pa 100 alionse m'boma, motero banja likhoza kukwaniritsa zonse koma n'kutsala chifukwa malo atha.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti kompyuta ilibe mbale ndipo siilandira chiphuphu. Vuto lake ndi lakuti imadziwa zokhazo zimene zidalembedwa pa fomu. Tiyerekeze mayi wamasiye wa m'mudzi wa Mbungo pachilumba cha Likoma, amene akulera zidzukulu zinayi m'nyumba ya malata imene adamanga malemu mwamuna wake nsomba zikugwidwa bwino. Bwato lidagulitsidwa, ndipo chimanga chimene chimabwera pa sitima kuchokera kumtunda sangachikwanitse kugula. Kompyuta iwerenga malata ndi simenti zija, ndipo mayiyo akhoza kukwera pamndandanda kuposa mnansi wake wa nyumba ya udzu amene amadya katatu pa tsiku. Kaundula akakhalitsa osakonzedwanso, amasonyeza banja mmene lidalili kale, imfa kapena matenda zisanaligwere.

N'chifukwa chake mndandanda wa kompyuta umabwerera kumudzi. Anthu amaitanidwa kumsonkhano kuti amve mainawo ndi kunena ngati wina walowa molakwika kapena watsala. Palinso makomiti olandira madandaulo, kuphatikizapo ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo ya boma.

Likoma ndi Chizumulu kudali anthu 14,527 okha pa kalembera wa 2018, ndipo kumalo kotere anthu amadziwana khomo ndi khomo. Amene akudziwa kuti mnansi wake amagona ndi njala pansi pa malata, msonkhano umenewu ndi malo oyenera kukanena zimenezi, mndandanda usanatsekedwe.