KODI KAMPANI YA INSHUWALANSI INGAKANE MWINI GALIMOTO?

Caka ndi caka, misika ya cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi thonje ikatha, alimi ena a ku Lundazi, Lumezi ndi Chasefu agula njinga zamoto, ena timalole ta Canter, ndipo ena thirakitala ndi ngolo yace. Ici ncinthu cabwino, pakuti mseu wa ku Chipata ngwautali, ndipo mlimi amene ali ndi cotengera cace sadikira wina kuti amtengere dzinthu. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Galimoto iri ndi malamulo ace, ndipo limodzi la malamulowo ndilo la inshuwalansi.

CIMENE LAMULO LIFUNA

Lamulo la pamseu, lochedwa Road Traffic Act, la caka ca 2002, linena kuti munthu asayendetse galimoto kapena ngolo yokokedwa ndi galimoto pamseu wa anthu onse popanda inshuwalansi ya mtundu umene uchedwa third party. Njinga yamoto nayonso iri m'gulu lomweli. Cikocikale ca ng'ombe sicili m'gululi, pakuti ciribe injini. Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo lomweli, lifuna kuona inshuwalansi munthu asanalipire msonkho wa mseu.

Inshuwalansi imeneyi siikhalira mwini galimoto ai. Ikhalira munthu wina amene angagundidwe pamseu, monga mwana wopita kusukulu kapena mai wosenza nkhuni. Munthu wotere akapwetekedwa kapena kufa, kampani ndiyo iripira, kufikira pa malire olembedwa m'cikalata. Mtundu wina, wochedwa comprehensive, ulipiranso galimoto ya mwiniyo ikaonongeka, ikapsa kapena ikabedwa. Mtundu uwu ngwodula, ndipo lamulo la pamseu silikakamiza munthu kuugula.

Tsono funso nali: ngati lamulo likakamiza mlimi kugula, kodi wogulitsa angathe kumkana?

ZIFUKWA ZIMENE KAMPANI IKANIRA

Inshuwalansi ndiyo pangano la mbali ziwiri. Kampani isonkhanitsa ndalama za anthu ambiri kuti iripire ocepa amene tsoka lawagwera. Cifukwa ca ici iyamba yayesa munthu ndi galimoto yace isanabvomere. Pa mtundu wa comprehensive ingathe kukana galimoto yakale kwambiri, kapena kukweza mtengo kwa munthu amene wacita ngozi kawiri-kawiri. Nyengo ya pangano ikatha, kulikonzanso kuli ngati kupangana kwatsopano, kotero kuti kampani iyang'ananso mbiri ya munthuyo.

Cinthu cimene cigwetsa anthu ambiri ndico kubisa zoona. Pa pangano lotere wopempha ayenera kuulula zonse zimene zingasinthe maganizo a kampani: ngozi zimene anacita kale, amene adzayendetsa galimoto, ndi nchito imene galimotoyo idzagwira. Mlimi amene walembetsa lole yace kuti njotengera mbeu zace zokha, koma pa tsiku la msika akweza anthu pamwamba pa matumba nalandira ndalama, waswa pangano. Munthu wotere asadabwe kampani ikakana kumpatsanso cikalata.

MAIKO ENA ANAIKA MALIRE

Maiko ena anaona kuti sicilungamo kukakamiza munthu kugula cinthu, wogulitsa nakhala ndi ufulu wonse wotseka citseko.

Ku France inshuwalansi ya galimoto inakhala ya lamulo mu 1958. Munthu akakanidwa kumeneko, alembera bungwe lochedwa Bureau central de tarification. Bungweli liika mtengo, ndipo kampani imene munthuyo wasankha iyenera kumlandira pa inshuwalansi imene lamulo lifuna.

Ku Germany kampani iyenera kulandira mwini galimoto yaing'ono kapena njinga yamoto. Ikakhala cete masabata awiri osayankha, pempho liyesedwa lolandiridwa. Ingakane pa zifukwa zocepa zimene lamulo lichula, monga ngati inacotsa kale munthu yemweyo cifukwa ca kusalipira kapena cinyengo.

Ku California, m'dziko la America, anthu anabvomereza lamulo lochedwa Proposition 103 mu 1988. Lamuloli linena kuti kampani ingathe kudula pangano, kapena kukana kulikonzanso, pa zifukwa zitatu zokha: kusalipira, cinyengo kapena bodza lalikuru, ndi kukula kwambiri kwa ciopsezo ca ngozi.

Ku South Africa anatsata njira yina. Ndalama zolipira anthu opwetekedwa pamseu zicokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, ndipo zisungidwa m'thumba lochedwa Road Accident Fund. Ali yense wothira mafuta walipira kale, kotero kuti palibe wokanidwa.

NANGA M'ZAMBIA?

Kampani ya Boma ya Zambia State Insurance Corporation inakhazikitsidwa mu 1968, ndipo kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 inagwira nchitoyi yokha. Masiku amenewo munthu analibe khomo lina logogoda. Kuyambira mu 1992 makampani ena analoledwa, ndipo lero alipo ambiri. Mlimi amene wakanidwa ndi kampani imodzi, kapena wauzidwa mtengo wopitirira, ali ndi ufulu wofunsa kwina.

Makampani onsewa, pamodzi ndi anthu owagulitsira inshuwalansi, ayang'aniridwa ndi bungwe la Pensions and Insurance Authority, kapena PIA, limene liri ku Lusaka. Lamulo limene liwatsogolera tsopano ndilo Insurance Act, la caka ca 2021, limene linalowa m'malo mwa la 1997. Palibe wololedwa kugulitsa inshuwalansi popanda cilolezo ca bungweli.

Malire amene mlimi ayenera kuwadziwa bwino ali pa zimene kampani ingacite itapereka kale cikalata. Coyamba, munthu wopwetekedwa ali ndi mphamvu ya kufuna malipiro kwa kampani yeniyeniyo m'dzina lace, osadikira kuti mwini galimoto amcitire cifundo. Caciwiri, kampani singakane kulipira wopwetekedwayo ponena kuti mwini galimoto analephera kucita cakuti-cakuti ngozi itacitika, monga kucedwa kuidziwitsa. Koma mwini galimoto asakondwere msanga ndi mau awa, pakuti ngati pangano litero, kampani ingathe kumbwerera iye kuti abweze ndalama zimene yalipira.

ZOYENERA KUCITA MUNTHU AKAKANIDWA

1. Apemphe kuti cifukwa cokanira cilembedwe pa pepala. Mau apakamwa auluka, koma kalata ikhala.

2. Ngati colakwa ciri pa galimoto, kapena pa laisensi ya woyendetsa, ayambe wakonza cimeneco.

3. Afunse ku kampani yina, koma asabise kuti anakanidwa kale ngati afunsidwa. Bodza la pa pepala lopemphera lidzaululika pa tsiku la ngozi.

4. Akaona kuti sanamcitire cilungamo, alembe dandaulo kwa akulu a kampaniyo, nasunge kope ya kalata yace. Akapanda kuthandizidwa, alembere bungwe la PIA. Palinso bungwe loteteza ogula, la Competition and Consumer Protection Commission, logwira nchito pansi pa lamulo la 2010.

5. Galimoto ikhale pakhomo kufikira cikalata citapezeka. Kukanidwa ndi kampani sikumasula munthu pa mlandu woyendetsa popanda inshuwalansi.

ZINA ZOKUMBUKIRA

Mlimi ayang'ane tsiku limene inshuwalansi yace itha, ndipo ayambe kuikonza masabata angapo tsikulo lisanafike, makamaka ngati litha m'dzinja, pamene miseu ibvuta ndi ndalama zisowa. Ncanzeru kupatula ndalamazo pa tsiku lomwe walandira za mbeu. Agule kwa munthu amene ali ndi cilolezo, alandire lisiti, ndipo aone kuti nambala ya galimoto yalembedwa bwino. Pepala lonyenga lotsika mtengo silidzalipira munthu ali yense.

Amene aoloka malire pa Lusuntha kunka ku Malawi adziwe kuti inshuwalansi wamba ya m'Zambia siikwanira tsidya lija. Afunse za Yellow Card ya COMESA, imene Zambia ndi Malawi onse ailandira, asananyamuke.

Tsoka silinunkha. Munthu woyendetsa popanda inshuwalansi akagunda mnzace, mlandu wonse ugwera iye yekha, ndipo angataye ng'ombe ndi dzinthu zimene banja lace linabvutikira zaka zambiri. Wopwetekedwayo nayenso angakhale wopanda comthandiza, ndipo kawiri-kawiri ndiye mnansi wa pamudzi pomwepo. Cifukwa cace mlimi amene wakanidwa asataye mtima ndiponso asayende mwakuba: afunse cifukwa, akonze cimene calakwika, ndipo agogode pa khomo lina kufikira cikalata ciri m'manja.