Cahora Bassa: Madzi Ali Kunsi, Madimba Ali Kumtunda

Mvula ikangoleka, alimi a ku Chidzolomondo ndi midzi ina ya m'maboma a Macanga ndi Tsangano amatsikira kumadimba. Ntchito yake ndi yodziwika kale: kukumba chitsime m'dambo, kutunga madzi ndi keni, ndi kuzungulira m'mizere ya kachewere, kabichi, matimati ndi anyezi mpaka msana utakana. Amene fodya adawayendera bwino amagula kainjini ka petulo. Komatu alimi amenewa ali m'chigawo chomwechi cha Tete momwe muli damu la Cahora Bassa, limodzi mwa madamu akuluakulu mu Africa, lomwe polimanga kudalonjezedwa zinthu ziwiri: magetsi ndi ulimi wothirira.

Damuli lili pafupi ndi tauni ya Songo, pamalo pomwe mtsinje wa Zambezi umapanikizika pakati pa mapiri. Kale pamenepa padali mathithi oopsa omwe adabweza David Livingstone ndi sitima yake m'chaka cha 1858, ndipo anthu amati dzinali limatanthauza pothera ntchito, poti opalasa ngalawa ankalekezera pomwepo. Boma la Apwitikizi lidayamba kumanga m'chaka cha 1969 ndipo khoma lidatsekedwa kumapeto kwa 1974. Khomalo ndi lotalika mamita 171 kupita m'mwamba, ndipo nyanja yomwe idabadwa kuseri kwake imafika mpaka ku Zumbo, kumalire a Zambia ndi Zimbabwe. Mkati mwa phiri adakumbamo mphanga momwe muli makina asanu opukusa magetsi okwana mamegawati 2,075.

Atsamunda sadabise cholinga chawo. Ankati madzi a damuli adzathirira minda ikuluikulu m'chigwa cha Zambezi, ndipo m'mindamo adzakhazikamo azungu ochuluka ochokera kwawo, kuti akhale ngati mpanda wotchinga asilikali a Frelimo omwe adatsegulanso nkhondo m'chigawo cha Tete m'chaka cha 1968. Nchifukwa chake Frelimo idadana nalo damuli, ndipo kampani ya ku Sweden ya ASEA idachoka pa ntchitoyi anthu akwawo atachita zionetsero. Eni nthaka oposa 25,000 adachotsedwa m'minda yawo ya m'mbali mwa mtsinje n'kukaunjikidwa m'midzi yokakamiza ija yotchedwa aldeamento, yambiri ili pa nthaka youma. Motero anthu oyamba kukhudzidwa ndi damu la ulimi wothirira adali alimi omwe lidawalanda madimba.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, nkhani ya azungu ndi ngalande zawo idafera pomwepo. Chomwe chidatsala ndi magetsi, koma nawonso adali ndi mwini wake kale. Nthambo zikuluzikulu ziwiri zidakokedwa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Songo kukafika ku Apollo, pafupi ndi Johannesburg, ndipo mtengo womwe adapangana ndi South Africa udali wozizira kwambiri. Kampani yoyendetsa damu, Hidroeléctrica de Cahora Bassa, idatsala m'manja mwa Portugal ndi magawo 82 pa 100 alionse, Mozambique n'kupatsidwa 18 okha.

Kenaka idadza nkhondo yapachiweniweni. Asilikali a Renamo adagwetsa nsanja za nthambo zoposa 1,000, ndipo kwa zaka zoposa khumi makina a ku Songo ankangopukusa pang'ono chabe. Akuluakulu a kuno zaka zimenezo sazikumbukira chifukwa cha magetsi, poti ambiri adali m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, nthambo zidakonzedwa, ndipo pofika 1998 magetsi adayambanso kupita kumwera. Pa 27 Novembala 2007 dziko la Mozambique lidatenga magawo 85 litalipira Portugal madola 700 miliyoni, ndipo Pulezidenti Armando Guebuza adalengeza ku Songo kuti Cahora Bassa tsopano ndi yathu. Mu 2012 magawowo adakwera kufika 92.5.

Kukhala mwini damu ndi nkhani ina, kuthirira nalo dimba ndi nkhani inanso. Apa pakufunika kunena mosapsatira, pakuti pali ena omwe amayembekezabe kuti tsiku lina ngalande idzachoka ku Songo kudzafika kuno. Nyanja ya Cahora Bassa ikadzaza imakhala pa mamita pafupifupi 326 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene minda yambiri ya ku Macanga, Tsangano ndi Angónia ili pamwamba pa mamita 1,000. Madzi sakwera phiri. Ndiponso madzi a m'mapiri a kuno ambiri salowa n'komwe m'damulo: mtsinje wa Revúbuè, womwe umatola mitsinje ya kumtunda kuno, umakathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, damu litatsala kale kumbuyo.

Ngakhale a kuchigwa, omwe madziwo amadutsa pakhomo pawo, sadapindule monga adauzidwira. Kale Zambezi ankasefukira chaka ndi chaka n'kusiya dothi lachonde, ndipo madzi akaphwa anthu a ku Mutarara ndi kunsi konse ankabzala mbewu yachiwiri popanda keni kapena feteleza. Damu lidasokoneza kalendala imeneyi, pakuti madzi amatulutsidwa molingana ndi zofuna za makina, osati za mlimi. Mu 1978 zitseko zidatsegulidwa mwadzidzidzi nyanja itadzaza, ndipo anthu masauzande ambiri adasowa pokhala. Chomwe damu lidabweretsa mosayembekezeka ndi kapenta, tinsomba tomwe tidatsika kuchokera ku Kariba n'kuswana m'nyanjayi, ndipo ndito timapezeka touma m'misika ya chigawo chino. Kwa mabanja ena, kapenta ndiye adayamba kufika pakhomo, magetsi asadafike.

Tsono njira yokhayo yomwe Cahora Bassa ingathirire dimba la ku Chidzolomondo ndi kudzera m'nthambo: magetsi oyendetsa pampu pamtsinje wapafupi, chigayo chosadalira dizilo, ndi nyumba yozizira yosungiramo mbewu ya kachewere. Zimenezi zidachedwa kwambiri. Kwa zaka zambiri tauni ya m'malire ya Zóbuè inkayatsa magetsi ogula ku ESCOM ya ku Malawi, chikhalirecho ili m'chigawo cha damu. Mu 2018 Pulezidenti Filipe Nyusi adakhazikitsa ndondomeko yoti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, ndipo nthambo za EDM zalowa m'madera ambiri omwe kale kudali koloboyi yekha. Koma nthambo zimatsata msewu ndi malo a malonda, pamene dimba lili kudambo. Pakati pa polo yomaliza ndi chitsime cha mlimi pamatsala mtunda womwe mlimi payekha sangaulipire, ndipo nchifukwa chake ena akuyang'ana ku mapampu a sola.

Oyembekeza magetsi a Zambezi nawo achuluka. Mu 2022 a Nyusi ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera adaika mwala wa maziko a nthambo ya makilomita 218 yochokera ku Matambo kupita ku Phombeya m'boma la Balaka. Mu Disembala 2023 boma lidasaina pangano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo lomanga damu lina la mamegawati 1,500 pa Mphanda Nkuwa, makilomita pafupifupi 60 kunsi kwa Cahora Bassa. Ndipo chilala cha 2024, chomwe chidapsereza chimanga m'minda yambiri, chidaphwetsanso nyanja ya damuli mpaka madzi osungidwa adatsika kupitirira theka. Chaka chomwe mlimi adafunitsitsa pampu ndi chomwechonso makina a ku Songo adapelewera madzi.

Pa Mphanda Nkuwa padzasamutsidwanso mabanja a alimi ndi asodzi, ndipo malonjezo a chitukuko ayamba kale kumveka. Mafumu ndi magulu a alimi a Macanga ndi Tsangano ali ndi funso loti akafunse pamisonkhano ya boma zinthu zisadafike patali: mwa mamegawati 1,500 amenewo, ndi angati omwe adzatsale m'chigawo cha Tete, ndipo thiransifoma ya kudambo adzalipira ndani?