Gasi wa m'firiji satha yekha

Dzuwa la Okutobala likafika pachimake ku Liwonde ndi ku Balaka, ndiye kuti nyengo ya ogulitsa mafirizesi, thobwa lozizira ndi zakumwa za m'mabotolo yakwana. Ndi nthawi yomweyinso imene amisiri a mafiriji sakhala pansi. M'misika ya Ntaja, Nsanama, Nselema ndi Ulongwe dandaulo limakhala limodzimodzi: firiji inasiya kuzizira, mmisiri anabwera kudzathira gasi, inagwira bwino masabata awiri kapena atatu, lero yayambiranso. Akaitanidwa kachiwiri, mmisiri amati gasi watha, pafunika kuthiranso. Amene amalira kwambiri ndi osunga nsomba zaziwisi za ku Chiuta, makumba ndi milamba, chifukwa botolo la chakumwa likafunda limadikira mawa, koma nsomba ikafewa ndiye kuti mpamba wapita.

Ambiri amaganiza kuti gasi wa m'firiji ali ngati petulo wa njinga yamoto kapena mayunitsi a magetsi, kuti amapita akuchepa mpaka kutha. Si mmene zilili. Gasiyu amatsekeredwa m'mapaipi ku fakitale ndipo amangozungulira momwemo. Kompuresa imamupopa n'kumukankhira m'mapaipi otentha a kumbuyo kapena a m'mbali, mmene amataya kutentha n'kusanduka wamadzimadzi. Kuchoka apo amadutsa mu kachitsulo kosefa kamene amisiri amati draya, n'kulowa m'kapaipi kowonda ngati waya kotchedwa capillary, n'kukatulukira m'mapaipi a mkati momwe amasandukanso mpweya uku akuyamwa kutentha kwa katundu. Kenako amabwerera ku kompuresa. Firiji yosabooka imatha zaka 10 kapena kuposerapo ndi gasi yemweyo amene inabwera naye. Choncho gasi akachepa, pali pamene watulukira, ndipo kuthira wina osatseka pamenepo kuli ngati kutungira madzi m'ndowa yobooka.

Asanafike pa nkhani ya gasi, wamalonda ayenera kudziwa kuti si firiji iliyonse yofunda imene yataya gasi. Ikamalira "tcha" pakapita mphindi zingapo koma kompuresa osadzuka, kawirikawiri vuto limakhala relay, kapena magetsi abwera ofooka, zomwe zimachitika madzulo m'misika momwe mashopu angapo amakokera pa waya mmodzi. Mphira wa pachitseko ukatha, mphepo yotentha imalowa tsiku lonse. Pepala lopanidwa ndi chitseko likamasololoka mosavuta, mphirayo wagona. Fumbi ndi ndodo za kangaude pa mapaipi a kumbuyo, kapena firiji yogunditsidwa kukhoma m'kashopu ka malata, nazonso zimachepetsa kuzizira. Zizindikiro za gasi wochepa n'zina: kompuresa imalira osapuma, chisanu chimagwira mbali imodzi yokha ya mkati pomwe kwinako kuli madzi, ndipo mapaipi amene ayenera kutentha amangokhala ofunda. Chizindikiro china chodalirika ndi mafuta. Gasi amayenda limodzi ndi mafuta a kompuresa, ndiye pamene pali kadontho konona kokutidwa ndi fumbi pa paipi, pamenepo mpofunika kuyang'anitsitsa.

Malo obooka amadziwika. Oyamba ndi ntchito ya mpeni. Chisanu chikaunjikana, kapena nsomba zikamatirira pansi kasitomala ali chiimire, dzanja limathamangira ku mpeni kapena sikuludiraiva, pomwe mapaipi a aluminiyamu ali kuseri kwa chitsulo chopyapyala. Ena amaboola okha pokhomera loko: mafiriji ambiri ogona ali ndi mapaipi otentha obisika m'khoma lakunja ndi m'mphepete mwa chitseko, ndipo sikuluwu imodzi ya loko imakwana kuwononga firiji yatsopano. Madzi a nsomba, magazi a nyama ndi mchere zikamakhalitsa pansi zimadya aluminiyamu pang'onopang'ono. Palinso msewu. Firiji imene yakwera ngolo, kabaza kapena matola m'misewu yafumbi ya ku Ngokwe ndi Chikweo imagwedezeka mokwanira kung'ambula mfundo zowotcherera, makamaka pamene mkuwa wakumana ndi aluminiyamu kapena chitsulo.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya firiji imene yakonzedwa kale n'kumabwereza. Apa nthawi zambiri vuto limakhala m'kakonzedwe. Pofuna kufulumira, amisiri ena amamanga kavalavu koboola paipi, kothirira gasi, n'kukasiya pomwepo. Kavalavuka kamadalira kamphira, ndipo kamphirako kakauma kamasanduka khomo latsopano lotulukira gasi. Ntchito yolongosoka imathera pa kufinya ndi kuwotcherera kapaipi kothirirako, kapena kuika valavu yowotcherera yokhala ndi chitsekerero chake. Ena amamata pobooka ndi guluu wosakaniza wa m'matimachubu awiri. Pa aluminiyamu wonona mafuta, amene amafufuma ndi kunyala tsiku lililonse chifukwa cha kuzizira, chigamba chotere sichikhalitsa. Ndipo ena amapeza bowo limodzi, n'kusangalala, osayesa ngati pali lachiwiri.

Pali vuto linanso limene limanamiza anthu ambiri chifukwa limaoneka ngati gasi watha pomwe gasi alimo. Firiji ikabooka, mphepo ndi chinyezi zimalowa m'mapaipi. Mmisiri akathira gasi osayamba wakoka mphepoyo ndi pampu ya vacuum, ndiponso osasintha draya, kadontho ka madzi kamakauma pakamwa pa kapaipi kowonda kaja n'kutseka njira. Firiji yotere imazizira ola limodzi kapena awiri, kenako n'kufunda. Ikazimitsidwa kwa maola angapo n'kuyatsidwanso, imayambanso kuzizira chifukwa kachisanu kaja kasungunuka. Wamalonda akaona khalidwe limeneli asalipire gasi wina. Chofunika ndi draya watsopano ndi vacuum yokwanira.

Kakonzedwe koyenera sikatha ola limodzi, ndipo n'chifukwa chake amalonda ambiri amakakana okha. Mmisiri amayamba ndi kupopera mpweya wa nitrogen m'mapaipi, n'kupaka thovu la sopo pa mfundo iliyonse mpaka paoneke potuluka timathovu. Akawotcherera, amapopanso n'kusiya geji ili pomwepo usiku wonse, makamaka maola 24. Muvi wa geji ukatsika, ntchito sinathe. Ukakhala pomwe unali, amaika draya watsopano, n'kukoka vacuum kwa theka la ola kapena kuposerapo, kenako n'kuthira gasi poyeza pa sikelo. Kuseri kwa firiji iliyonse, kapena mkati mwake, muli kachikwangwani kolembedwa mtundu wa gasi ndi magalamu ake. Mafiriji ambiri a R600a safika ndi magalamu 150 omwe, ndiye kuthira mongoyerekeza ndi dzanja kumapyola kapena kuperewera mosavuta, ndipo zonse ziwiri zimatopetsa kompuresa ndi kudya mayunitsi. Chimene wamalonda sayenera kulola m'pang'ono pomwe ndi kuyesa mapaipi ndi okosijeni wa m'botolo la owotcherera. Okosijeni akakumana ndi mafuta a kompuresa amatha kuphulika.

Mtundu wa gasi nawo ndi nkhani. Mafiriji akalekale ankayendera R12, amene maiko anagwirizana zomusiya pa pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa amawononga chophimba cha ozoni kumwamba. M'maiko osauka ngati Malawi tsiku lomaliza linali mu 2010. M'malo mwake munabwera R134a, ndipo mafiriji ambiri a masiku ano ali ndi R600a, pomwe ena akuluakulu a m'mashopu ali ndi R290. Kompuresa iliyonse inapangidwira gasi wake ndi mafuta ake, kotero kuthira R134a m'firiji ya R600a chifukwa ndiye ali m'chikwama cha mmisiri tsiku limenelo ndi kufupikitsa moyo wa kompuresa. R600a ndi R290 amayaka moto. Pokonza, firiji itulutsidwe panja kapena zitseko ndi mawindo zikhale zotsekula, mbaula, kandulo ndi ndudu zikhale kutali, ndipo moto wowotcherera usayandikire mapaipi gasi wakale asanachotsedwe yense. R600a ali ndi kakhalidwe kenanso: m'mapaipi ozizira a mkati mphamvu yake imakhala yochepa kuposa ya mphepo yakunja, ndiye pobooka pamayamwa mphepo pamene firiji ikulira. Ndi chifukwa chake kusintha draya pa mafiriji amenewa si nkhani yokambirana.

Chovuta kwambiri ndi bowo la mkati mwa khoma, pamene mapaipi anakwiriridwa m'thonje lolimba lija losunga kuzizira. Kunja sopo saonetsa kanthu koma geji imatsikabe. Mmisiri wodziwa amadula mapaipi pawiri, mbali yotentha payokha ndi mbali yozizira payokha, n'kuyesa iliyonse. Likakhala ku mbali yotentha pali chiyembekezo: amatha kulambalala paipi ya m'mphepete mwa chitseko, imene imakonda kuchita dzimbiri, kapena kumangirira mapaipi atsopano kumbuyo. Likakhala ku mbali yozizira, njira imene ilipo ndi kuzunguliza paipi yatsopano ya mkuwa mkati mwa firiji. Imagwira ntchito ndithu, koma imadya malo, imakhala poyera pomwe mpeni ungaipeze, ndipo firijiyo sikhalanso ngati kale. Apa wamalonda akhale pansi ndi cholembera. Aphatikize ndalama za gasi amene wathira kale, thiransipoti ya mmisiri kuchokera ku Liwonde kapena ku Balaka, katundu amene anawonongeka ndi masiku amene sanagulitse. Zikayandikira theka la mtengo wa firiji ina, ndipo kompuresa ili yokalamba, kukonzanso n'kungochedwetsa maliro.

Eni magalimoto a hayala ndi ma taxi, ma Sienta, Probox ndi Freed amene adzaza pa Liwonde ndi pa Balaka, amakumana ndi zofananazo pa eyakoni. Kusiyana kwake n'kwakuti galimoto ili ndi mapaipi a mphira ndi timphira tozungulira pa mfundo, ndiye imatha kutaya gasi pang'ono pakapita zaka. Koma wotha pa mwezi umodzi ndiye kuti pabooka. Malo okayikitsa ndi timphira tija, pamene mphira wapanidwa ndi chitsulo, mavalavu othirira, chidindo cha kutsogolo kwa kompuresa, ndi condenser imene imakhala patsogolo pa rediyeta, pomwe miyala ya mumsewu imamenya. Magalaja ena amathira utoto wowala umene umaonetsa potulukira akauunika ndi tochi yake patapita masiku. Kukawoneka kuti kutsogolo kulibe kanthu, bowo limakhala kuseri kwa dashibodi, ndipo ntchito yake ndi yodula. Madzi odontha pansi pa galimoto eyakoni ikamalira si vuto, ndi chinyezi chabe. Kuyatsa eyakoni kwa mphindi zochepa sabata iliyonse, ngakhale mu Juni, kumathandiza kuti timphira tisaume.

Pokambirana ndi mmisiri, mafunso ochepa amasiyanitsa wodziwa ndi wongothira. Mayi wa geni angafunse mwaulemu kuti, "Amisiri, mundionetse pamene gasi watulukira," n'kuona thovu ndi maso ake. Angafunsenso ngati abwera ndi pampu ya vacuum, sikelo ndi draya watsopano, ndipo draya wakale amusiyire m'manja. Wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso otere, ndipo ambiri amene anadutsa m'sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA anaphunzira ndondomeko imeneyi. Kunena zoona, mlandu wina uli ndi amalonda eni ake, amene amati, "Achimwene, ingothirani, katundu wanga akuwonongeka," n'kukana mtengo wa kuyesa. Mmisiri naye ali ndi ana kunyumba. Amathira, n'kudikira foni ya mwezi wamawa.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale m'kope la ngongole: tsiku, chimene chakonzedwa, mtundu wa gasi, magalamu, ndalama, ndi miyezi imene mmisiri akulonjeza kubwera ulere vuto lomwelo likabwerera. Ndi bwino kupereka gawo la ndalama poyamba, lotsalalo firiji itagwira ntchito masiku angapo. Pakabuka mkangano, pepala limeneli ndi limene tcheyamani wa msika angayambirepo, ndipo ngati firiji inagulidwa yatsopano m'sitolo, risiti ndi khadi la waranti ndizo zimafunika pokadandaula kusitoloko kapena ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Firiji ya waranti isatsekulidwe ndi mmisiri wapamsika, chifukwa waranti imathera pomwepo.

Popeza kuyesa kumafuna tsiku lathunthu, katundu apezeredwe kokhala ntchito isanayambe: kubwereka malo m'firiji ya mnzake, kugula ayezi, kapena kuwamba nsombazo zisanafewe. Firiji imene yayamba kukayikitsa ndi bwino kuikonzetsa mu Juni kapena Julayi, malonda a zozizira ali pansi ndipo amisiri ali ndi mpata. Ikabwera kuchokera kokonzedwa inyamulidwe choimirira mmene imakhalira, ndipo ngati inapendekeka panjira, idikire maola angapo isanalumikizidwe kumagetsi kuti mafuta abwerere mu kompuresa. Magetsi a ESCOM akathima n'kuyakanso, padutse mphindi zisanu isanayatsidwe, kapena pakhale fridge guard yochita ntchito imeneyi. Chisanu chikachuluka, firiji izimitsidwe, mkati muikidwe beseni la madzi ofunda, chigwe chokha.